Nkhwani wa kwa Bambo Gray

Akuzike anatsegula kashopu kake ku Speedway, m'mphepete mwa mzinda wa Indianapolis, mu 2004, msana utamukanira ntchito. Anali atagwira zaka zisanu ndi ziwiri m'nyumba yosungira okalamba ku South Bend, kusambitsa anthu, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, ena olemera kuwirikiza iye. Tsiku lina anawerama kuti amange chingwe cha nsapato ya nkhalamba ina, n'kulephera kuweramuka. Patapita miyezi ingapo mwamuna wake Kingsley anapeza ntchito mu labu ya chipatala china ku Indianapolis, ndipo atasamukira kumeneko Akuzike ananeneratu kuti zonyamula anthu zatha. Ngati n'kunyamula, azinyamula matumba a ufa, poti thumba silibuula ukaligwira molakwika.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi, pakati pa malo ochapira zovala ndi ometa tsitsi. Mwezi wa Meyi mawindo ake ankanjenjemera ndi phokoso la magalimoto a mpikisano. Munali ufa woyera, nyemba, nsinjiro, usipa ndi utaka zikapezeka, masamba a tiyi a ku Thyolo, zitenje zochepa, ndi makadi oimbira foni kumudzi amene anawapachika kuseri kwa kauntala. Zaka ziwiri zoyambirira zinthu zinkayenda. Kenako masitolo akuluakulu anayamba kugulitsa ufa wonga womwewo motchipa, makadi anthu anayamba kugula pa intaneti, ndipo aliyense wochokera kumudzi ankafika ndi sutikesi ya usipa n'kugawira theka la mpingo. Sikuti anthu anasiya kubwera kushopu. Ankabwera ndithu, kukhala pamipando iwiri ya pafupi ndi chitseko, kukamba za maliro a ku Ntcheu, za mapepala amene akuchedwa, kufunsa ngati pali wopita kumudzi woti awatengereko kaphukusi. Akatopa ankatsanzika mwaulemu n'kutuluka chimanjamanja. Akuzike ankawaperekeza ndi maso mpaka pagalimoto, ndipo nthawi zina ankaona majumbo a masitolo aja ali tho kumpando wakumbuyo.

Chinthu chimodzi chimene sichinkapezeka kwina kulikonse chinali nkhwani. Chaka chilichonse, chakumayambiriro kwa Seputembala, Akuzike ankadraiva maola atatu kubwerera ku South Bend, n'kubwerako galimoto itadzaza nkhwani, bonongwe ndi dowe. Sabata imeneyo yokha shopu inkaoneka ngati shopu.

Ndiwozo zinkachokera m'munda wa Bambo Chester Gray, kum'mwera kwa tauniyo. Unali munda wa mtundu uja anthu amabwera ndi ana awo kudzadzithyolera okha zimene akufuna, n'kukayezetsa pasikelo potuluka: mabulosi mu Juni, matimati ndi chimanga mu Ogasiti, kenako maapozi ndi maungu. Akuzike anadziwana ndi bamboyo kudzera mwa akazi awo, Mayi Sophia, amene iye anawasamalira zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo. Mayiwo anali ataiwala aliyense, ndi amuna awo omwe, koma tsitsi sankalola kuti wina awapese kupatula Akuzike. Bambo Gray ankabwera masana aliwonse, dothi lili kunsapato, kukhala ola limodzi pambali pa bedi n'kumapita. Dzina lakuti Akuzike linawavuta, ndiye ankangomutchula kuti Ziki.

Maliro atatha anamuitanira kumunda kuti akatenge chilichonse chimene mtima wake ukufuna. Iye anadutsa mizere yonse ya maapozi osayang'ana, n'kukaima m'munda wa maungu, n'kufunsa ngati angathyoleko masamba. Bambo Gray anafunsa ngati amaweta akalulu. Atawafotokozera kuti ndi ndiwo, anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Koma chimene chinawaseketsa mpaka kutsokomola chinali bonongwe, amene iwo ankamutcha udzu wa nkhumba ndipo anali atalimbana naye zaka makumi anayi. Kuyambira chaka chimenecho anayamba kusiya ngodya imodzi ya munda osapoperamo mankhwala. Kamodzi Akuzike anawaphikira nkhwani wotendera. Anadya masipuni awiri, anati ndi zokoma kwambiri, ndipo sanapemphenso.

Mu Ogasiti wa 2008 Akuzike anadandaulira mnzake Flora kuti sakudziwa ngati msana umulole kuthyola yekha chaka chino. Flora anali nesi pachipatala china cha m'kati mwa tauni, mayi wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi, ndipo anali mmodzi mwa anthu ochepa amene ankagulabe zonse kushopu ngakhale ankadziwa kumene zimatchipa. Iyeyu ndiye anabweretsa maganizo a ulendo. Anati anthu apite onse pamodzi, aliyense akadzithyolere yekha, ana obadwira kuno akaone kuti chimanga sichimera mufiriji, ndipo mkulu wa munda uja nayenso apezeko makasitomala, poti masitolo amene akupha shopu ndi omwewonso akupha minda ing'onoing'ono ngati yake. Akuzike anaimbira Bambo Gray. Mawu awo ankamveka ofooka, koma anasangalala. Anati abwere onse, malo alipo.

Vuto linayambira pa tsiku. Loweruka a Sabata sakanatha, Lamlungu a CCAP ndi Akatolika anati n'zosatheka. Pepala limene Akuzike anamata pachitseko cha shopu linafufutidwa n'kulembedwanso katatu. Potsiriza anagwirizana za Lolemba loyamba la Seputembala, limene kuno ndi holide. Mabanja khumi ndi anayi analembetsa mayina. Kingsley anabwereka minibasi ya tchalitchi, ena anati adzatsatira pamagalimoto awo. Akuzike anauza Bambo Gray chiwerengerocho, ndipo kwa masiku angapo ankadzuka m'mawa wopepukidwa.

Mafoni anayamba kulira Lachisanu. Woyamba anali mayi wina wa ku Beech Grove amene anati wapikapu shifiti, akagwira ntchito tsikulo, poti pa holide amalipira mowonjezera ndipo kumudzi kuli fizi ya ana a mchimwene. Wachiwiri anati mafuta a galimoto akwera moopsa. Wina mwana ali ndi mpira, wina abwana amusinthira sikejo ya ntchito, wina anangoti thupi silili bwino. Onse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Mungotithyolerako, amake Upile, tidzakupezani kushopu." Akuzike sanakwiyire aliyense payekha. Zifukwa zawo ankazidziwa, nayenso anagwirapo maholide onse zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana wake Upile, amene anali kukoleji ku Bloomington, anayankha m'Chingerezi kuti ali ndi mayeso. Lamlungu madzulo Kingsley anaitanidwa kuti mnzake wa kulabu wadwala, akalowe m'malo mwake. Anaima pakhomo la kukhitchini akupepesa, n'kufunsa ngati si bwino kungokansela.

"Mkulu uja akudikira," anatero Akuzike. "Ndikamuuza chiyani?"

M'mawa wa Lolemba minibasi ya anthu khumi ndi asanu inanyamuka ndi anthu awiri. Flora anali atangoweruka kumene kuntchito, yunifolomu ikadali m'thupi, ndipo asanatuluke n'komwe mu Indianapolis anali atagona, mutu uli pawindo. Akuzike anadraiva yekha, kapilo kali kumsana. Msewu wopita kumpoto ndi wowongoka mogwetsa ulesi, uku chimanga uku soya, minda yopanda munthu ngakhale mmodzi. M'tauni ya Kokomo maloboti anamuimitsa limodzi ndi limodzi, ndipo paliponse pamene ankaponda buleki mabasiketi opanda kanthu ankagubuduzika kumbuyo, pansi pa mipando. Anayesa wailesi, anapeza anthu akukangana za chisankho, anazimitsa.

Anafika cha m'ma teni. Pachipata panali chikwangwani chakale chija chojambulidwa apozi wofiira, koma pambali pake panali china chatsopano cholengeza kuti zida za pamunda zidzagulitsidwa pa okushoni mu Novembala. Akuzike anachiwerenga kawiri injini ikulira. Patebulo la sikelo, pamene nthawi zonse pankakhala Bambo Gray, panali mwamuna wa zaka za m'ma fifite, wovala malaya a m'tauni. Anali Edmond, mwana wawo wokhala ku Chicago, amene Akuzike anamuonapo kamodzi pamaliro. Anawalonjera bwino, n'kusuzumira m'minibasi ngati akufuna anthu ena, koma sanafunse.

Nkhani anaifotokoza mwachidule, monga munthu amene waifotokoza kale kambirimbiri. Bambo ake anagwa kawiri mu Julayi. Kachiwiriko anagona pansi m'shedi kuyambira m'mawa mpaka wobweretsa makalata atawamva akuitana. Munda wagulidwa ndi mlimi woyandikana nawo, amene adzazula mitengo ya maapozi n'kudzala chimanga chopangira mafuta a galimoto. Chisanu chisanafike bambo ake adzapita kunyumba yosungira okalamba, yomweyo imene amayi ake anamwalirira. Anati iye anayesetsa kuti awatengere ku Chicago koma anakana, ndipo ponena zimenezi maso anali pasikelo.

Bambo Gray anali pansi pa mtengo waukulu kuseri kwa nyumba, chogwirira cha miyendo inayi chili pambali pa mpando wawo. Anali atawonda kwambiri moti kolala ya shati inkachita kulendewera. Kutsogolo kwawo kunali matebulo atatu ataliatali oyalidwa mapepala oyera, mabotolo a juwisi wa maapozi ali m'chidebe cha ayezi, makapu apulasitiki ataunjikidwa. Chapatali panaima thirakitala yokoka ngolo yoyalidwa udzu, yoti ana akwere pozungulira munda. Akuzike anaziona zonsezi. Anapita kukawagwira dzanja ndi manja awiri, Flora akutsatira.

Iwo anayang'ana kumsewu, n'kufunsa ngati enawo ali m'mbuyo. Akuzike anali atakonza bodza lake kuchokera pa Kokomo, loti galimoto ina yawonongeka panjira. Koma atawayang'ana kumaso linamuthawa.

"Sabwera, bambo. Ali kuntchito. Tabwera awiri."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati aliyense masiku ano ali kuntchito, ngakhale anthu a m'tauni muno amene kale ankadzaza bwalo lonseli anachepa. Kenako anawauza kuti amwe juwisi, poti alipo wokwanira mudzi wathunthu.

Ngodya ya ndiwo ija chaka chino inali itakula kuwirikiza katatu. Akuzike anamva kwa Edmond kuti bambo ake atangomva za mabanja khumi ndi anayi analetsa wolima kutchetcha bonongwe yense wa m'mphepete, ndipo mizere ina ya maungu anaimangira chingwe kuti makasitomala ena asapondemo. Amayi awiriwo anaima m'mphepete, zitenje m'chiuno, akuyang'ana masamba obiriwira ofika kutali. Flora anaseka kaseko kopanda mphamvu, n'kunena kuti apa ndiye pafunika mpingo wonse ndi kwaya yomwe.

Anayamba. Nkhwani sathyola chisawawa. Umasankha masamba anthete a kunsonga, kusiya okhwima, ndipo timinga take timayabwa m'manja mpaka m'zigongono. Akuzike anawerama kwa mphindi makumi awiri zokha msana n'kuyamba kuyaka. Anagwada, n'kumayenda ndi maondo pakati pa mizere akukoka basiketi. Dzuwa linakwera. Mabanja ochepa a azungu amene anabwera kudzathyola maapozi ankaima n'kumawayang'ana, ndipo mayi wina anafunsa ngati iwowo ndi antchito a pamunda, kuti amusonyeze kumene kuli chimbudzi. Flora anangomulozera. Pakati pawo sankalankhula zambiri. Basiketi ikadzaza ankakhuthulira m'thumba, kuwaza madzi pang'ono, n'kuliika pamthunzi.

Dzuwa lili paliwombo kunamveka kagalimoto kakang'ono ka pamunda kakubwera pang'onopang'ono m'kanjira. Anali Bambo Gray okha, ndipo zinkaoneka kuti Edmond sanawaone akunyamuka. Anaima kumapeto kwa mzere n'kukodola Akuzike. Iye anadzuka movutikira, atagwira m'chiuno, n'kukakhala pampando wa pambali pawo. Kwa kanthawi anangoyang'ana Flora akuthyola chapatali.

"Ziki, ndikufuna undiuze zoona," anatero. "Edmond wandisonyeza timabuku ta zithunzi, maluwa ndi anthu akuseka. Ine kuja ndinkabwerako ola limodzi patsiku. Iwe unkakhalako tsiku lonse. Kumakhala bwanji?"

Akuzike anapukuta manja pachitenje. Funso limeneli abale a odwala ankamufunsa kawirikawiri, ndipo yankho lake linali lokonzeka kale, lofewa, lophunzitsidwa. Koma tsiku limenelo analibe mphamvu zokometsera mawu. Anawauza kuti chakudya chimabwera pa nthawi yake ndipo m'nyumba mumafunda. Kusamba n'kawiri pa sabata, pa tsiku limene ena asankha. Akaliza belu nthawi zina munthu adzabwera msanga, nthawi zina adzadikira mpaka kutopa, osati chifukwa cha nkhanza, koma mtsikana mmodzi amakhala ndi anthu khumi ndi awiri ndipo mwina ndi shifiti yake yachiwiri. Anawalangiza kuti apemphe chipinda cha kum'mawa, kumene windo limayang'ana kumunda osati koimika magalimoto. Zovala zonse alembe dzina, ndi masokosi omwe. Aphunzire mayina a owasamalira, ngakhale ovuta kutchula. Ndipo asalole kuikidwa pa wilitcheya msanga chifukwa choti akuchedwetsa anthu popita kukadya, poti ambiri amene anakhalapo iye sanawaone akudzukanso. Anatchulanso mnzake Tusekele, mayi wa ku Karonga amene ankagwirabe kumeneko shifiti ya m'mawa, kuti adzamuimbira.

Bambo Gray ankamvetsera ngati munthu amene akuuzidwa njira ya kumalo achilendo. Atatha anafunsa funso lina, maso ali kutsogolo.

"Nanga Sophia? Ine ndikachoka ankakhala bwanji?"

Zaka zonsezi Akuzike ankawauza kuti mayiwo anali odekha, okonda nyimbo, ndipo sizinali zabodza. Koma sizinali zonse.

"Dzuwa likamapendeka ankalira," anatero. "Ankafuna amayi awo. Ankati achedwa kusukulu ndipo amayi awo akuwadikira pageti. Ndikakhala ndi nthawi ndinkakhala nawo, kuwapesa tsitsi mpaka atonthole. Koma masiku ena ndinalibe nthawi, bambo. Masiku enanso nthawi inalipo, koma ndinali nditatopa. Ndinkatseka chitseko kuti ndisawamve."

Atanena zimenezi anachita mantha ndi pakamwa pake. Zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale Kingsley. Anadikira kuti mkuluyo akwiye, kapena alize galimoto n'kumapita. Koma iwo anangokhala, manja ali pachiwongolero. Patapita nthawi anati nawonso ali ndi chawo. Sikuti ankalowa masiku onse. Masiku ena ankafika mpaka poimika magalimoto, kuzimitsa injini, kukhala momwemo ola lathunthu akuyang'ana chitseko, kenako n'kubwerera kumunda. Edmond akaimba madzulo ankamuuza kuti amayi ake ali bwino, adya.

Palibe anapepesa mnzake, ndipo palibe anauza mnzake kuti zilibe kanthu. Anakhala choncho mpaka Edmond anatulukira akuthamanga pang'ono, nkhope itafiira, akufunsa bambo ake chifukwa chimene atengera kagalimotoko okha. Mkuluyo anayankha kuti munda ukadali wake mpaka Novembala.

Anathyola mpaka cha m'ma thiri, koma sanafike ngakhale theka la ngodya ija. Dowe anawathyolera Edmond, amene anavula malaya ake a m'tauni n'kutsala ndi vesiti. Pa sikelo panabuka kamkangano. Bambo Gray anakana kuti masamba ayezedwe, amati sangagulitse udzu. Akuzike anati ndiye agula maapozi ndi matimati, ndipo anagula ochuluka kuposa amene akanatha kugulitsa, ndi mabotolo a juwisi aja omwe, poti sakanapirira kuwasiya ali ndandanda patebulo. Matumba anawakweza pamipando ya minibasi, mpando uliwonse thumba lake, ena n'kuwamanga malamba kuti asagwe. Potsanzikana Akuzike anagwada pang'ono monga amachitira kwa akulu kumudzi. Bambo Gray anamugwira paphewa, n'kumuuza kuti akaonetse msanawo kwa dokotala weniweni, asamangomwa mapilitsi.

Pobwerera anadraiva Flora. Akuzike anagona chagada pampando wautali wakumbuyo pakati pa matumba, fungo la masamba ndi dothi lili m'mphuno, akuyang'ana denga la minibasi. Atadutsa Kokomo Flora analankhula osacheuka. Anati kuchipatala kwawo akufuna anthu okhala pambali pa odwala osokonezeka mutu, kuwayang'anira kuti asadzuke n'kugwa kapena kuzula madiripi. Palibe kunyamula munthu, ndi kukhala pampando basi, ndipo pali inshuwalansi. Akuzike anapitiriza kuyang'ana denga. Flora anati, "Achemwali, mwamva?" Iye anati wamva.

Nkhwani sachedwa kufota, choncho Lachiwiri Akuzike anatsegula shopu seveni isanakwane. Uthenga unali utayenda kale. Anthu anabwera ngati kuli ukwati, ena ndi mayunifolomu akuchokera kuntchito, ena atatuma amuna awo ndi timapepala. Mayi wa ku Beech Grove uja anatenga mitolo isanu ndi umodzi, ina yoti afutse. Amayi awiri anakhala pamipando ija n'kuyamba kusadzula nkhwani wawo pomwepo, ulusi wake ukugwera pansi, akukamba za mmene ankathyolera kudimba ali atsikana. Munali phokoso ndi kuseka. Pofika masana masamba onse anali atatha, dowe yemwe, ndipo ochedwa ankadandaula kuti bwanji sanawasungireko. Maapozi okha ndi amene anatsala mulu pakona.

Bambo wina wamkulu wa mpingo, akulandira jumbo lake, anafunsa kuti ulendo wina udzakhalako liti, poti ulendo uno zinangovuta koma chaka chamawa banja lake lonse lidzapita. Akuzike anawauza kuti munda wagulitsidwa. Wina anati zachisoni, wina anati akanadziwa akanasintha shifiti. Akuzike anafuna kuwauza za matebulo atatu aja ndi ngolo ya udzu, koma anayang'ana nkhope zawo, maso ofiira ndi tulo, mabaji a ntchito akulendewera m'khosi, n'kungofunsa wotsatira kuti akufuna chiyani.

Akuzike anaimbira Tusekele sabata yomweyo monga analonjezera. Fomu yofunsira ntchito kuchipatala kwa Flora inakhala pansi pa kauntala mwezi wathunthu asanailembe. Akuzike anakawaona Bambo Gray kamodzi kunyumba ya okalamba ija, mu Disembala, pa ulendo wa maliro a Mmalawi wina wa ku South Bend. Anawapeza akuyenda m'khonde ndi chogwirira chawo, pang'onopang'ono, mzere wa anthu uli m'mbuyo mwawo. Anacheza mphindi makumi atatu, za nyengo ndi za chakudya, ndipo nkhani ya m'munda ija palibe anaikhudzanso.

Shopu inatsekedwa kumapeto kwa Febuluwale. Katundu wotsala ena anagula, wina anapita kutchalitchi, mashelefu Kingsley anawamasula Loweruka lina n'kukawaika m'galaja. Tsiku lomaliza, Akuzike akukolopa pansi, kunabwera mayi amene anatenga malowo, wa ku Togo, woluka tsitsi. Anali wamng'ono, wa changu, tepi yoyezera ili m'manja, ndipo ankayenda uku ndi uku akulankhula yekha za pamene adzaike magalasi ndi mipando. Anafunsa ngati malowo ali ndi mwayi.

Akuzike anaimika mopu. Anamusonyeza pamene denga limadontha sinowo ikamasungunuka, ndi chidebe chimene anamusiyira dala. Anamuuza kuti hita imafuna kuizimitsa n'kuiyatsanso kawiri isanagwire, kuti wometa tsitsi wa pafupiyo ndi munthu wabwino koma makasitomala ake amatseka malo oimika galimoto, kuti loko ya chitseko chakumbuyo imafuna kukoka chitsekocho kaye. Mayiyo ankalemba zonse kuseri kwa envelopu. Atamaliza Akuzike anamupatsa makiyi atatu, n'kumufotokozera ya kutsogolo, ya kumbuyo ndi ya bokosi la makalata.

Panja kunkazizira koopsa. Analowa m'galimoto, analiza injini, n'kudikira kuti ayezi wa pagalasi asungunuke. Kudzera pawindo la shopu ankamuona mayi uja atakwera pampando, akuyeza khoma. Shifiti yoyamba ya Akuzike kuchipatala inali kuyamba thiri koloko, ndipo anali asanagule nsapato zoyera.